Mwana Akapempha Mfuti Yosakira

Zaka ziwiri zapitazo, m'mwezi wa Seputembala, mwana wanga wamwamuna analowa kukhitchini ndikupakula nsima. Anaima pakhomo mozengereza ngati munthu wodzapempha mchere kwa mnansi amene anakangana naye dzulo. Pa nthawiyo anali ndi zaka 12.

"Amayi, agogo a kumunda kuja akuti ndikhoza kumapita nawo kosaka. Koma akuti mfuti yawo ndi yaikulu, pafunika ina yondikwana ineyo."

Ndinamuyankha ndisanatembenuke n'komwe. "Iwe, mfuti m'nyumba muno? Uiwaliretu."

Anatuluka osanena kanthu. Usiku umenewo bambo ake anandifunsa funso limene linandisowetsa tulo. "Mayi, mwakana, zamveka. Nanga kwa anzake kumene amapita kukasewera, mukudziwa kuti ndi nyumba zingati zili ndi mfuti? Akakaipeza kumeneko, mwanayu akudziwa chochita?"

Ndinalibe yankho. Mwezi uno ndikufuna ndikambe zimene ndinaphunzira kuchokera tsiku limenelo, chifukwa amayi anzanga angapo andifunsa kale funso lomweli tikuweruka kutchalitchi.

Ndiyambe ndafotokoza kumene tikukhala, poti owerenga ambiri a tsamba lino muli kumudzi. Banja lathu limakhala kum'mwera chakumadzulo kwa Michigan, ku America, kufupi ndi Berrien Springs komwe kuli Andrews University. Ndi dera la minda ya maapozi, mphesa ndi chimanga, ndipo kusaka kuno ndi mwambo wa pabanja monga mmene kulili kupha nsomba ku Nkhotakota. Pa 15 Novembala, tsiku limene amatsegulira nyengo yosaka mbawala ndi mfuti, m'nkhalango mumadzaza anthu ovala majekete owala a mtundu wa lalanje. Ana athu amaphunzira limodzi ndi ana a alenje amenewa. "Agogo" amene mwana wanga ankanena ndi bambo wina wachikulire, mlimi woyandikana nafe, amene mwanayu amakathandiza kuthyola maapozi.

Ine ndinakulira ku Thyolo. Achimwene anga ankasaka njiwa ndi legeni, ndipo mfuti tinkangoionera patali, kwa apolisi ndi kwa alonda a m'maesiteti. Ndiye pamene ndinaganiza zoti ndisamangokana chinthu chimene sindikuchidziwa, ndinayambira pansi penipeni. Safunsa anadya phula. Ndinalembetsa maphunziro a alenje limodzi ndi mwana wangayo, mayi wa zaka za m'ma 40 pakati pa tiana.

Funso loyamba si la mfuti

Musanafike kusitolo, khalani pansi muone zoopsa zake mosabisa. Ziwerengero za bungwe la boma loona za matenda la CDC zinaonetsa kuti m'chaka cha 2020 mfuti zinapha ana ndi achinyamata a zaka 1 mpaka 19 ambiri kuposa china chilichonse m'dziko la America, kuposanso ngozi zapamsewu. Bungwe la madokotala a ana la American Academy of Pediatrics limanena poyera kuti nyumba yotetezeka kwambiri kwa mwana ndi yopanda mfuti. Choncho kholo limene laganiza mofatsa n'kunena kuti ayi, silinalakwe, ndipo lisachite manyazi. Kusaka si chinthu choti mwana akapanda kuphunzira sakula.

Koma ngati mtima wanu ukulola, yambani mwayesa mwanayo. Zaka zokha sizinena zonse. Kodi mukamuuza kuti "siya," amasiya nthawi yomweyo kapena amayamba wamaliza zimene akufuna? Akapsa mtima amatani, amaponya zinthu? Mukamutuma ntchito inu n'kuchokapo, mumakaipeza itagwirika? Amakonda kudzionetsera anzake akabwera? Mwana amene sangasamale njinga sanafike posamala mfuti.

Kenako funsani za wamkulu amene azipita naye. Mwana wophunzira kusaka amafunika munthu wamkulu woima pafupi moti atha kugwira mfutiyo ndi dzanja, amene maso ake ali pa mwanayo osati pa nyama. Ife tinapita tonse awiri kukacheza ndi agogo aja. Tinaona kumene amasunga mfuti zawo, tinafunsa ngati amamwa mowa akamapita kutchire, ndipo tinagwirizana kuti bambo ake a mwana azikhalapo ulendo uliwonse. Sanakhumudwe ndi mafunso athu. Akanakhumudwa, nkhani ikanathera pomwepo.

Zimene lamulo likunena

Kuno ku America, sitolo yovomerezeka singagulitse shotgun kwa munthu wosakwana zaka 18. Wogula ndi kholo, mwini wake ndi kholo, ndipo woyankha mlandu ndi kholo. Mawu akuti "mfuti ya mwana" ndi ongolankhulira.

Abale amene munabwera kuno ndi mapepala a sukulu kapena a ntchito, mverani bwino apa. Lamulo la dziko lonse la America limaletsa munthu amene ali kuno pa visa ya kanthawi kukhala ndi mfuti kapena zipolopolo, kupatula pa zifukwa zochepa, monga ngati ali ndi laisensi yosakira imene ikugwira ntchito. Amene mapepala ake sali bwino saloledwa n'komwe. Kulakwitsa pamenepa kutha kukutayitsani ufulu wokhala m'dzikoli, choncho funsani loya wodziwa za anthu olowa m'dziko musanagwire ndalama.

Ku Michigan, aliyense wobadwa kuyambira pa 1 Januwale 1960 ayenera kuchita maphunziro a chitetezo cha alenje asanapatsidwe laisensi yokhazikika. Mwana wa zaka 10 kupita m'mwamba akhoza kuyamba ndi laisensi ya wophunzira, imene amaloledwa kuigula kwa zaka ziwiri zokha, ndipo ayenera kutsagana ndi munthu wa zaka 21 kapena kuposerapo amene ali ndi laisensi yake. Ine ndikulangiza kuti muyambe ndi maphunzirowo ngakhale lamulo likulolani kudikira. Chigawo chilichonse cha America chili ndi malamulo ake ndipo amasinthasintha, ndiye werengani kabuku ka chaka chimenecho kochokera ku dipatimenti yoona za nyama zakutchire kwanuko.

Geji: nambala yaikulu, mfuti yaing'ono

Shotgun imasiyana ndi mfuti zina chifukwa chipolopolo chake chimakhala ndi tinjere tambirimbiri timene timamwazika tikatuluka. N'chifukwa chake amaigwiritsa ntchito posaka mbalame zouluka. Kukula kwa bowo la mpope wake amakutchula kuti geji, ndipo chimene chinandisokoneza poyamba n'chakuti nambala ikamakwera, bowolo limachepa. Kale ankawerenga kuti ndi timipira tingati ta mtovu tokwana bwinobwino m'bowolo timene tingalemere paundi imodzi. Tikakhala 12, imeneyo ndi geji 12, ndipo bowo lake ndi pafupifupi mamilimita 18 ndi theka. Geji 20 ili ndi bowo la pafupifupi mamilimita 15 ndi theka. Yaing'ono kwambiri, yotchedwa .410, bowo lake ndi mamilimita 10 ndi pang'ono.

Makolo ambiri amathamangira .410 poganiza kuti mwana wamng'ono, mfuti yaing'ono. N'zoona kuti siimenya kwambiri paphewa. Vuto lake ndi lakuti chipolopolo chake chachifupi chimanyamula tinjere tolemera pafupifupi magalamu 14 okha, pomwe cha geji 20 chimanyamula pafupifupi magalamu 25. Tinjere tikachepa, kulasa mbalame youluka kumafuna katswiri. Mwana amaphonya mpaka kugwa ulesi, kapena amangovulaza mbalame n'kukafera patali. Kuvulaza cholengedwa n'kuchisiya chikuvutika si chinthu choti tiphunzitse ana athu. Mfuti ya .410 imathandiza pophunzitsa mwana wamng'ono kwambiri kuwombera chinthu chosayenda, koma posaka imakhumudwitsa.

Geji 12 ndi imene akuluakulu ambiri amanyamula, ndipo kwa mwana wa thupi laling'ono imalemera komanso imamenya mopweteka. Ndiye kwa ana ambiri a zaka 10 mpaka 14, aphunzitsi athu ankalangiza geji 20, kuyambira ndi zipolopolo zofewa zophunzirira. Mwana amene sangathe geji 20 ndi zipolopolo zofewa, nthawi zambiri ndi bwino angodikira chaka china.

Kumenya paphewaku musakupeputse. Mwana akapwetekedwa kawiri katatu, thupi lake limaphunzira kuopa. Amayamba kutsinzina ndi kunjenjemera asanawombere, ndipo chizolowezi chimenechi chimatenga nthawi yaitali kuti chithe. M'mera mpoyamba. Musalole amalume kapena anzake kumupatsa mfuti yaikulu kuti aseke akamadzandira.

Pali ngozi ina yokhudza geji imene banja lililonse lokhala ndi mfuti ziwiri liyenera kuidziwa. Chipolopolo cha geji 20 chikalowetsedwa molakwika m'mfuti ya geji 12, chimatsetsereka n'kukakakamira mkati mwa mpope osaoneka. Munthu akaikanso cha geji 12 pambuyo pake n'kuwombera, mpope umaphulika m'manja. Pofuna kupewa zimenezi, kuno zipolopolo za geji 20 amazipanga zachikasu. Mwana adziwe kuti zake ndi zachikasu zokha, ndipo bambo asamasungire mwana zipolopolo m'thumba limodzi ndi zawo.

Mfuti ikwane ngati nsapato

Tonse timadziwa chizolowezi chathu chogulira mwana yunifolomu yaikulu kuti akuliremo. Pa mfuti chizolowezi chimenechi n'choopsa. Muyeso wofunika kwambiri ndi kutalika kwa kuchokera pa kachitsulo kokhethemulira kufika kumapeto kwa tsinde, mbali imene imatsamira paphewa. Pa mfuti ya wamkulu pamakhala pafupifupi masentimita 36. Pa ya mwana pamakhala masentimita 30 mpaka 33, ndipo zina n'zazifupi kuposa pamenepa.

Pitani naye mwanayo kusitolo atavala jekete lomwe azidzavala kutchire, chifukwa chovala cha nyengo yozizira ya kuno n'chochindikala ndipo chimatalikitsa muyeso. Wogulitsa atsegule mfuti n'kukuonetsani kuti mulibe kanthu. Mwanayo aikweze paphewa, tsaya litsamire pa tsinde. Pakati pa mphuno yake ndi chala chachikulu cha dzanja logwira pakhale mpata wa zala ziwiri. Mukaona akupendekera chagada ndi kutulutsa mimba kuti ainyamule, kapena tsinde likukola m'khwapa poikweza, mfutiyo yamukulira. Mwana woima bwino amaweramira kutsogolo pang'ono.

Kulemera kwake nakonso kuli ndi msampha. Mfuti ikapepuka kwambiri imamenya kwambiri, chifukwa palibe cholemera chochepetsa mphamvu yobwerera m'mbuyo. Ikalemera kwambiri mwana amatopa, mpope n'kumalozera kulikonse. Zambiri za geji 20 zopangira ana zimalemera makilogalamu awiri ndi theka kapena atatu. Muuzeni aigwire paphewa inu mukuwerenga pang'onopang'ono mpaka 10. Manja akayamba kunjenjemera musanafike, sanakonzeke.

Chinanso chimene sindinkachidziwa ndi chakuti munthu aliyense ali ndi diso lotsogolera, monga mmene alili ndi dzanja lodyera. Mwana atambasule manja onse, apange kabowo ndi zala zake, ayang'anire pamenepo chinthu cha patali maso onse ali otsegula. Kenako abweretse manjawo kumaso pang'onopang'ono osasiya kuyang'ana chinthucho. Kabowoko kadzafika pa diso lotsogolera. Mwana wanga amalemba ndi dzanja lamanja koma diso lake lotsogolera ndi lamanzere, choncho anaphunzira kuwombera mfuti ili paphewa lamanzere. Tikanapanda kuyesa, bwenzi akuphonya tsiku ndi tsiku osadziwa chifukwa.

Mitundu imene mudzapeze kusitolo

Yotchipa kwambiri ndi yothyola pakati, yolowa chipolopolo chimodzi. Ubwino wake ndi wakuti ikathyoledwa aliyense amaona kuti singawombere. Koma zambiri n'zopepuka ndiye zimamenya koopsa, ndipo zina zili ndi kanyundo kumbuyo kamene amakakoka ndi chala chachikulu. Chala chaching'ono chozizidwa chitha kuterereka pobweza kanyundoko.

Yachiwiri ndi ya pampu, imene amakoka chogwirira chakutsogolo kuti chipolopolo china chilowe. Ndi yolimba, mtengo wake ndi wapakati, ndipo ndi imene mabanja ambiri amayambira. Zodziwika ndi monga Remington 870 yaifupi ndi Mossberg 500 Bantam. Ina yotchedwa Super Bantam ili ndi kachidutswa kowonjezera pa tsinde kuti mwana akakula muitalikitse. Onetsetsani kuti dzanja la mwana likufika pa chogwiriracho popanda kudzikoka, komanso kuti chala chake chikufika pa batani lotsekera.

Yachitatu ndi yodzilowetsera yokha chipolopolo china ikangowombera. Imene imayendera mpweya wa onga imafewetsa kumenya kwa paphewa kuposa zonse, koma ndi yodula, imafuna kutsukidwa kawirikawiri, ndipo ikangowombera imakhala yakonzekanso kuwombera mwana asanaganize n'komwe.

Kaya mwasankha iti, lamulo la agogo aja ndinaligwirizana nalo: chaka choyamba mwana apatsidwe chipolopolo chimodzi basi, kuchokera m'dzanja la wamkulu. Mukagula yogwiritsidwa kale ntchito, katswiri wokonza mfuti ayambe waiona. Ndipo dziwani kuti chipolopolo chosakira mbawala, chija chokhala ndi chibulumwa chimodzi chachikulu, chimamenya paphewa kuposa cha mbalame ndipo chimapita kutali kwambiri. Chimenecho ndi cha m'tsogolo.

Makutu, maso ndi mtovu

Apa ndiye pamene ine wa zaumoyo ndimakakamira. Ndimagwira ntchito yosamalira okalamba, ndipo ndaona azibambo ambiri amene khutu limodzi linafa kale. Agogo athu aja ndi mmodzi wa iwo. Ukafuna kulankhula nawo umaima kudzanja lawo lamanja. Munthu wowombera mfuti ili paphewa lamanja, khutu limene limaonongeka kwambiri ndi lamanzere, chifukwa ndi limene limayang'ana kumene kukuchokera phokoso.

Kulira kwa shotgun kumapitirira madesibelo 140. Bungwe la World Health Organization linalangiza kuti phokoso ladzidzidzi lofika m'khutu la mwana lisapitirire madesibelo 120. Mkati mwa khutu muli timaselo tonga tiubweya timene timamva mawu, ndipo tikafa sitimeranso. Kuwombera kamodzi kokha popanda chotchinga kutha kusiya kulira kwa m'khutu kosatha. Choncho pophunzira mwana avale zotchinga ziwiri, zolowetsa m'khutu ndi zovala pamwamba pake, za saizi ya mutu wake. Zilipo zina za batire zimene zimalola mawu a munthu kumveka koma zimatseka phokoso la mfuti, ndipo ndi zabwino kutchire chifukwa mwana amamva wamkulu akamulangiza. Magalasi oteteza maso asasowe, kwa wowombera ndi kwa woonerera yemwe.

Nkhani ina ndi ya mtovu. Tinjere tambiri ta m'zipolopolo ndi ta mtovu, ndipo madokotala amagwirizana kuti palibe mlingo wa mtovu m'magazi a mwana umene tinganene kuti ndi wabwino. Umasokoneza kakulidwe ka ubongo ndi kaphunziridwe, ndipo ndi woopsanso kwa mayi woyembekezera. America inaletsa tinjere ta mtovu posaka abakha ndi atsekwe m'dziko lonse m'chaka cha 1991, ndipo California inaletsa zipolopolo za mtovu pa kusaka kulikonse kuyambira mu Julayi 2019. M'madera ambiri mtovu ndi wololedwabe pa nyama zina, koma inu simukukakamizidwa kuugwiritsa ntchito. Pali tinjere tachitsulo ndi ta bismuth. Funsani ngati mfuti imene mukugula imalola tachitsulo, chifukwa zina zakale zimaonongeka nato. Mwana akachoka kowombera asambe m'manja ndi kumaso ndi sopo asanadye kanthu, zovala zake zichapidwe pazokha, ndipo nyama yolasidwa ndi mtovu muidule motaya mbali yonse yozungulira bala.

Kabati igulidwe mfuti isanabwere

Ngati pali chinthu chimodzi choti mutenge pa tsamba lino, n'chimenechi. Mfuti imakhala kutchire masiku ochepa pa chaka, masiku ena onsewo ili m'nyumba mwanu. Isungidwe yopanda chipolopolo, m'kabati yachitsulo yokiya, ndipo zipolopolo zikiyiridwe malo ena. Pamwamba pa wadiropu si pobisalira. Ana amadziwa chilichonse chimene chili m'nyumba, ngakhale pamene mumabisa shuga. Ku Michigan, kuyambira pa 13 Febuluwale 2024, lamulo limafuna kuti mfuti ikhale yokiyidwa ngati pali mwana amene angathe kufika pamene ili.

Makiyi kapena manambala otsegulira akhale kwa makolo okha, ngakhale mwanayo akhale womvera chotani, ngakhale atapambana maphunziro onse. Chifukwa chake n'chovuta kuchikamba pakati pathu, koma ndichikamba. Mtima wa wachinyamata umatha kugwa mwadzidzidzi, chifukwa cha mayeso, chibwenzi, kapena kunyozedwa pa foni. Maganizo ofuna kudzipha nthawi zambiri amabwera mwamphamvu kwa kanthawi kochepa n'kudutsa. Amene wamwa mankhwala nthawi zambiri amapulumutsidwa kuchipatala, koma mwa anthu 10 amene ayesa kudzipha ndi mfuti, pafupifupi 9 amafa. Loko amapereka nthawi yoti mphepo ija idutse. Mukaona mwana, kapena wamkulu aliyense m'nyumba, wayamba kudzipatula, sakugona, sakudya, kapena akulankhula zotaya mtima, chotsani mfutiyo m'nyumba mwa njira yovomerezeka, mufunseni mosapita m'mbali, ndipo pitani naye kwa dokotala. Kuno ku America nambala ya 988 imayankhidwa usana ndi usiku.

Funso la bambo a kunyumba lija nalonso ndinalitenga. Masiku ano mwana wanga wamkazi akamapita kukacheza kwa mnzake, ndimafunsa mayi wa kumeneko ngati m'nyumbamo muli mfuti, ndipo ngati ili yokiyidwa. Poyamba ndinkachita manyazi. Ndinadabwa kuona kuti anthu a kuno salitenga ngati chipongwe.

Asaka chiyani, tsiku liti?

Mafunso awiriwa ndi athu ife a Sabata, ndipo wogulitsa kusitolo sangakuyankhireni. Ana ambiri a kuno amayambira pa akalulu ndi agologolo, nyama zimene ife sitidya molingana ndi Levitiko 11. Tinamuuza mwana wathu kuti chimene sitidya sitiwombera. Kupha cholengedwa pofuna kungoyesa dzanja ayi. Kuyesa dzanja kuli ndi malo ake, kumene amaponya m'mwamba timbale tadothi n'kumatiwombera. Mbawala zili m'gulu la nyama zodyedwa pa Deuteronomo 14, ndipo nkhukundembo zakutchire ndi mbalame zonga nkhwali zotchedwa pheasant timadya. M'mabanja amene nyama simudya konse, mwana akhoza kuthera pa timbale tadothi tomweto. Magulu a achinyamata a 4-H amaphunzitsa masewera amenewa m'madera ambiri.

Za tsiku, masiku ambiri apadera a alenje achichepere, monga Liberty Hunt ya mu Seputembala kuno ku Michigan, amakhala Loweruka ndi Lamlungu. Kambiranani zimenezi poyambirira, mwana asadzamve ngati mwamulanda chinthu pa tsiku lomaliza. Ife tinawauza agogo aja tsiku loyamba lomwelo kuti Loweruka tili kutchalitchi. Anati Lamlungu masana kulinso bwino.

Mmene ife tinachitira

Sitinagule mfuti chaka choyamba. Tinamaliza maphunziro, ndipo mwana analoweza malamulo anayi mpaka kumawanena ali m'tulo: mfuti iliyonse uitenge ngati ili ndi chipolopolo, mpope usaloze chinthu chimene sukufuna kuwononga, chala chisakhudze kachitsulo kokhethemulira mpaka utakonzeka, udziwe chimene ukuwombera ndiponso chimene chili kuseri kwake. Miyezi yotsatira ankaphunzira pa timbale tadothi ndi mfuti za kumalo ophunzirira, n'kuyesa mitundu itatu. Nyengo yosaka itafika anayenda nawo agogo maulendo angapo chimanjamanja, kungoona ndi kunyamula thumba.

Kabati tinagula mu Epulo. Mfuti inabwera mu Juni, ya pampu, geji 20, ya tsinde lotalikitsika. Kabati, zotchinga m'makutu, magalasi, jekete la lalanje ndi zipolopolo zophunzirira, zonse pamodzi zinadya ndalama zosasiyana kwenikweni ndi mtengo wa mfutiyo. Muziwerengere zimenezi pokonza bajeti. Ngati ndalama ikukwana mfuti yokha, ndiye kuti sinakwane.

Kumapeto kwa Okutobala chaka chatha anapita ulendo wake woyamba atanyamula yekha. Ine ndinatsala kunyumba, ndikungoyang'ana foni. Atabwera madzulo, thumba linali lopanda kanthu ndipo nkhope inali yakugwa. Bambo ake ndi amene anandifotokozera. Pheasant inadzuka pafupi, mwana anakweza mfuti bwinobwino, koma mbalameyo inauluka motsika kulowera kumene kunali galu wa agogo, kuseri kwake kuli msewu wa kumunda. Mwanayo anatsitsa mfuti osawombera. Mwayi wina sunapezekenso tsiku limenelo.

"Amayi, ndikanailasa," anatero akuvula nsapato.

"Ndikudziwa, mwanawe. Kasambe m'manja, nsima yapsa."

Bambo ake anatsegula mfuti, mwana anaonanso mkati, anaipukuta, ndipo inalowa m'kabati. Makiyi anabwerera kwa ine.

Kwa inu a kumudzi, ana athu ambiri sadzapempha shotgun, ndipo ku Malawi mfuti siisungidwa popanda chilolezo cha boma, kusaka nakonso kuli ndi malamulo ake. Koma m'makomo ena muli mfuti zoopsezera anyani kumunda, ndipo m'matauni ana ena ali ndi mfuti za mpweya zimene timaziyesa zoseweretsa, chonsecho zimatha kuphulitsa diso. Ngakhale legeni yachititsapo ana khungu. Muyeso ndi womwewo: chida chikwane mwana, wamkulu akhale pafupi, ndipo chikamalizidwa ntchito chikiyidwe. Agogo amene muli ndi adzukulu kunja kuno, mukamaimba foni Lamlungu, funsaniko ana anu ngati m'nyumba muli mfuti, ndipo makiyi ake amasunga ndani.

Mwezi wamawa tidzakamba za makutu a ana athu ndi timahedifoni timene amagona nato usiku. Mulungu asunge mabanja anu.